Za ma German okhala ndi "von" padzina

Achimwene mwafunsa kuti kodi ma German amene dzina lawo lili ndi "von" anali mafumu kapena anthu olemera chabe, komanso pabanja ankakhala bwanji. Sanali mafumu ngati a kwathu kuno ayi, ulemuwo ankabadwa nawo, ndipo ku Prussia, ufumu wina wa ma German, ambiri anali eni maesiteti, ankawatchula kuti ma Junker. Ndikupatseni chitsanzo cha Otto von Bismarck, nduna yaikulu ya Germany, yemwe uja anaitanitsa msonkhano wa ku Berlin wa 1884 wokambirana za Africa.

Mkuluyu anabadwa mu 1815 pa esiteti ya Schönhausen. Bambo ake Ferdinand anali mwini malo, mayi ake Wilhelmine Mencken analibe "von", anali mwana wa munthu wogwira ntchito m'boma. Mu 1839 Otto anasiya ntchito ya mu ofesi n'kupita kukayang'anira munda wa makolo ku Kniephof limodzi ndi mkulu wake Bernhard, ndipo kumeneko anatchuka ndi mowa komanso kuthamangitsa mahatchi mpaka anthu kumamuti wamisala. Anadzakhazikika atakwatira Johanna von Puttkamer mu 1847, mayi wopemphera kwambiri, anabereka naye ana atatu, Marie, Herbert ndi Wilhelm.

Musaiwale amene ankalima mindayo. Antchito ankapatsidwa kanyumba, kadimba ndi kagawo ka tirigu akapuntha, ndipo bwana yemweyo ndiye anali ngati polisi wa pamalopo, ine ndikamawerenga izi ndimakumbuka thangata la m'maesiteti a ku Chiradzulu ndi Thyolo.

Koma chimene chimandipweteka mtima ndi cha Herbert. Mu 1881 mnyamatayu anafuna kukwatira Elisabeth von Carolath-Beuthen, mayi amene ukwati wake woyamba unatha, komanso abale ake ena anali adani a Bismarck pandale. Bambowo anakana kwamtuwagalu, analira misozi pamaso pa mwana wawo, kumuopseza kuti cholowa aiwale, mpaka kunena kuti adzipha akangomukwatira. Tangoganizani munthu wa zaka zoposa 30, kazembe wa dziko, kusiya mkazi amene anali atamulonjeza kale chifukwa cha malo ndi dzina la banja. Herbert anagonja, anasanduka munthu waukali ndi wokonda bibida, anadzakwatira wina mu 1892. Kwa anthu amenewa esiteti inali patsogolo, mwana pambuyo, ndipo ine sindiona kuti mdalayu anachita bwino.

Otto malo anali nawo ambiri zedi, anagula Varzin mu 1867, mfumu ya Germany n'kumupatsanso nkhalango ya Sachsenwald mu 1871, ndipo anamwalirira konko ku Friedrichsruh mu 1898. Koma nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, m'chigawo chimene ankalamulira a Soviet maesiteti onse oposa mahekitala 100 analandidwa n'kugawidwa kwa alimi wamba. Kniephof ndi Varzin pano zili ku Poland, nyumba imene Otto anabadwiramo boma la East Germany linaiphulitsa mu 1958, kunangotsala kachigawo kamodzi komwe pano ndi myuziyamu.