Zitsulo muziyambe panopa, musadikire kuti muyambe mwaonda

Asisi, mwanena kuti mwachepetsa chakudya, mukuyenda m'mawa uliwonse ndipo makilo 8 apita, koma thupi lafewa, mikono ikugwedezeka, kumbuyo kwaphwa pomwe mimba ikadalipo. Mukufunsa ngati mutsirize kaye kuonda kenako muyambe kunyamula zitsulo, komanso mukuopa kuti zitsulozo zingakupatseni thupi lachimuna. Ine ndikuti yambani sabata ino, chifukwa kufewa kumene mukudandaulako kwabwera kaamba koonda popanda kunyamula kanthu.

Munthu akamadya zochepa kuposa zimene thupi likufuna, thupi silisungunula mafuta okha, limadyanso minofu. Kwa amene akuonda pongochepetsa chakudya, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a makilo otayikawo si mafuta ayi, ndi mnofu ndi madzi ake. Tsono mnofu ndi umene umaumba matako, ntchafu ndi mapewa. Thupi lolimba limene mumalisirira pa Facebook ndi zinthu ziwiri basi: mnofu wokwanira mkati ndi mafuta ochepa pamwamba pake. Mukamanyamula zolemera, thupi limaona kuti mnofu uli ndi ntchito, ndiye limausunga n'kumawotcha mafuta. Ndipo inu amene simunanyamulepo muli ndi mwayi, chifukwa oyamba kumene amatha kumanga mnofu uku akuonda, chinthu chimene chimavuta kwa amene anayamba kalekale.

Za thupi lachimunazo musade nkhawa. Homoni ya testosterone, imene imakulitsa minofu, mwa akazi ndi yochepa kwambiri, amuna ambiri ali nayo yoposa kakhumi. Taonani anyamata a ku Matero ndi ku Chawama amene amanyamula zitsulo zowotcherera ndi zidebe za simenti kuseri kwa nyumba. Amavutika zaka, akudya nsima yambiri, kuti chifuwa chituluke pang'ono. Inu amene mukuchepetsa chakudya simungadzuke tsiku lina muli ngati iwowo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azilimbitsa minofu ikuluikulu yonse masiku osachepera awiri pa sabata, kuwonjezera pa mphindi 150 mpaka 300 zoyenda ndawala kapena zina zotere. Kuyenda kwanu kuja musasiye, mbali imeneyo mwaikwanitsa kale. Onjezani masiku atatu a zolemera, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, kuti pakati pazikhala tsiku lopuma. Mphindi 40 zakwana.

Musadzichulukitsire masewera. Chitani ma squat, kukhala ngati mukufuna kukhala pampando n'kudzukanso, katundu mutamukumbatira pachifuwa. Chitani ma deadlift, kutanthauza kukankhira matako kumbuyo msana uli wowongoka n'kudzutsa katundu pansi. Amenewa ndi amene adzabwezeretse kumbuyo kumene mukuti kwaphwa, pamodzi ndi ma lunge, kutanthauza kuponya mwendo umodzi kutsogolo n'kutsitsa bondo la mwendo wakumbuyo mpaka pafupi ndi pansi. Kwa mikono ndi chifuwa, ma push-up, ndipo ngati apansi akukanika yambirani patebulo kapena pakhonde, muzitsika pang'onopang'ono masabata akamapita. Kenako kukoka: dzanja limodzi pampando, linalo likukokera katundu cha kunthiti. Lililonse muzibwereza ka 8 mpaka ka 12, mupume mphindi imodzi kapena ziwiri, muchitenso, mpaka maulendo atatu.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Katunduyo akhale wolemera ndithu, moti kawiri komalizako nkhope izichita kukwinyika koma msana usapindike. Tizitsulo ta kilo imodzi timene ena amagwedeza ka 50 akucheza timangotulutsa thukuta, mnofu sukula nato. Ndipo mukaona kuti mukufika pa 12 mosavuta, onjezani kulemera. Kuonjezaonjezako ndiko kumasintha thupi. N'chifukwa chake mayi amene amatunga madzi tsiku lililonse amalimba kufika penapake n'kuima: chigubu chake ndi chomwecho chaka chonse. Khalani ndi kabuku, muzilemba zimene mwanyamula, chifukwa mutu umaiwala.

Ndalama ya gym ikavuta si chifukwa chokhalira. Lita imodzi ya madzi imalemera kilo imodzi, ndiye botolo la malita 5 ndi makilo 5, chigubu cha malita 20 ndi makilo 20, ndipo mutha kuyamba chili theka n'kumathiramo madzi sabata ndi sabata. Thumba la ufa la makilo 10 limakumbatirika bwino pa ma squat. Mukadzapyola pamenepo, owotcherera a ku Kalingalinga akhoza kukupangirani zitsulo, kapena mukalembetse ku gym yapafupi. Mukalembetsa, mphunzitsi akuonetseni kaimidwe koyenera. Akangokuikani pa makina othamangira ola lonse chifukwa ndinu mkazi, muuzeni mwaulemu kuti mwabwerera zitsulo.

Tsopano chakudya, chimene ndikuganiza kuti ndi pomwe pali vuto lanu lalikulu. Ambiri akati akuchepetsa amasiya ndiwo zomanga thupi n'kumakhalira tiyi, buledi ndi masamba. Mnofu sungamangike choncho. Wonyamula zolemera amafunika pafupifupi magalamu 1.6 a mapuloteni pa kilo iliyonse ya thupi patsiku. Ngati muli onenepa kwambiri, werengerani pa makilo amene mukufuna kufikapo. Wa makilo 70 ndiye kuti magalamu 110 kapena kuposa pang'ono. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6. Kapu ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Nyama ya pachifuwa cha nkhuku yophika yolemera magalamu 100 ili ndi pafupifupi 30. Kapenta wouma, kaya wa ku Siavonga kaya wa ku Mpulungu, kuposa theka la kulemera kwake ndi mapuloteni, ndipo soya pieces zouma zili chapomwepo. Zonsezi zili mbwee ku Soweto Market, simukufunika ufa wa mapuloteni wa m'zitini wodula uja. Chachikulu n'chakuti chakudya chilichonse, kuyambira cha m'mawa, chikhale ndi chimodzi mwa zimenezi. Nsawa ndi zabwino koma pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndiye kadzanja kamodzi kakwana.

Nsima musaisiye, mufunika mphamvu yonyamulira. Chepetsani mitanda, muchulukitse chibwabwa, repu kapena therere, ndipo ufa wa roller umakhalitsa m'mimba kuposa wa breakfast. Chimene chimanenepetsa mobisa ndi saladi, mafuta ophikira aja: supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori pafupifupi 120, ndipo tonse tikudziwa mmene timathirira mu kapenta. Onjezani vitumbuwa, chipisi ndi zakumwa zotsekemera, poti botolo la theka la lita limakhala ndi shuga woposa masupuni aang'ono 10. Kilo imodzi ya mafuta a m'thupi ndi makalori pafupifupi 7,700, choncho mukamachotsa 500 patsiku mumataya theka la kilo pa sabata. Liwiro limenelo ndi labwino. Mukathamanga kuposa apo, mnofu ndi umene umalipira.

Za mimba ndinene mosabisa. Ma sit-up amalimbitsa minofu ya pamimba koma sasungunula mafuta a pamimbapo. Thupi limachotsa mafuta paliponse mwa dongosolo lake, ndipo kwa ambiri mimba imatsalira. Malamba omanga pamimba amangofinya, ndipo tiyi woondetsa amene akutsatsidwa m'magulu a pa intaneti nthawi zambiri amangotsegula m'mimba. Ngati munabereka posachedwa ndipo pakati pa mimba pamatukuka mukamadzuka, kaonaneni ndi a physio, achipatala oona za minofu ndi mafupa, musanayambe ma sit-up, mwina minofu inatalikirana. Khungu lolendewera nalo limabwerera pang'onopang'ono, mwina osati lonse.

Sikelo idzakusokonezani masabata oyamba. Minofu yongoyamba ntchito imasunga madzi, ndipo masiku oyandikira kumwezi thupi limalemerako. Mukhoza kuima pa makilo omwewo mwezi wathunthu siketi ikukhwepa. Gulani tepi ya atelala, muziyeza chiuno pa mchombo kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye. Cholinga chabwino n'chakuti chiuno chisafike theka la msinkhu wanu: wamtali masentimita 160 akhale pansi pa 80.

Kuphwanya kwa thupi tsiku limodzi mpaka atatu mutanyamula n'kwachibadwa ndipo kumachepa mukazolowera, koma ululu wobaya m'bondo, paphewa kapena pamsana ndi chizindikiro choti muime. Muzigona maola 7 kapena kuposa. Ngati muli ndi BP, shuga kapena ndinu oyembekezera, yambani mwafunsa ku kiliniki, ndipo ponyamula musamagwire mpweya, muziutulutsa pamene mukukankha. Mukandiuza msinkhu wanu, makilo anu ndi zimene muli nazo pakhomo, ndikuthandizani kusankha kulemera koyambira.