Kwa achimwene a makilo 104 amene mukufuna kuphwetsa mimba mvula isanagwe

Achimwene amene mwalemba mobisa dzina, mwati chikwama cha pangozi mwalongedza kale, muli tochi, ziphaso ndi masatifiketi okulunga m'jumbo, koma chakuvutani ndi thupi. Muli ndi makilo 104, kachitunda kochokera pasiteji kupita kwanu mumakamaliza muli wefuwefu, ndiye mukufunsa ngati tiyi wophwetsa mimba amene akumutsatsa pa WhatsApp angakuthandizeni dzinja lisanafike. Ena m'gulu muno akusekani, ena akuti kaloweni jimu. Ine ndiyankha motalikirapo, chifukwa funso lomweli ndinadzifunsapo, koma ine ndinadzifunsa madzi atalowa kale m'nyumba.

Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi 2023, namondwe Freddy atafika mu Blantyre, ndinali ndi makilo 101. Ife sitili kumtunda kwenikweni kwa phiri la Soche kumene matope ndi miyala zinakwirira anthu ku Chilobwe. Tili mmunsi, pafupi ndi kamtsinje kamene m'chilimwe ana amakadumpha ndi mwendo umodzi. Usiku umenewo kanasanduka chinthu china. Magetsi kunalibe, mvula ili pakati, ndipo amayi anga, amene mwendo wamanzere sugwira bwino chidwalireni sitiroko, anayenera kuchotsedwa. Ndinawabereka. Kusukulu kumene anthu ankathawira si kutali, munthu wabwinobwino amayenda mphindi khumi. Ine sindinathe ngakhale theka. Mawondo ananjenjemera, mtima unkagunda mpaka m'makutu, ndinawatsitsa pakhonde la eni ake n'kutsamira khoma ngati woledzera. Anawanyamula ndi mnyamata wina wowonda ngati bango, amene amasenza matumba a anthu mumsika. Anawafikitsa, n'kubwerera kukatenga ena. Ine bambo wa kuofesi ndinatsatira pambuyo nditanyamula bulangete lokha.

Namondwe ameneyo anapha anthu oposa 600 m'dziko muno, ena mazanamazana sanapezeke mpaka lero, ndipo oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Ambiri mwa amene anafa sikuti anali ofooka ayi. Matope akatsika m'phiri sasankha wonenepa kapena wowonda, ndipo a ku Phalombe amene anaona Napolo wa mu 1991 akhoza kukuuzani. Choncho musamve ngati ndikunena kuti nyonga ndi mankhwala a chigumula. Nyumba ikakhala m'khwawa kapena m'tsinde mwa phiri, chokupulumutsani ndi kuchoka msanga a zanyengo ndi a DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, akachenjeza. Madzi saiwala khwawa. Koma kuchoka msangako kumafuna miyendo, kumafuna msana, ndipo masiku otsatira ngozi ndi amene amayesa thupi kwambiri: kutunga madzi kutali mipopi itauma, kukolopa matope m'nyumba, kuyenda wapansi milatho itaduka, kugona pasimenti m'kalasi. Chaka chimenecho kunalinso kolera, ndiye madzi sunkangotunga paliponse, unkayenera kukawafuna kumene ali abwino.

Za tiyi uja ndinene mwachidule. Ambiri mwa matiyi amenewa amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsika chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pomwepo. Ndalamayo mugulire nsapato zomanga zingwe.

Chimene ndinaphunzira ndi chakuti sikelo si imene muyenera kuithamangitsa. Dzifunseni ntchito imene thupi lidzagwire tsiku loipalo, muyambe kuliphunzitsa ntchito yomweyo. Pangozi palibe amene adzakufunseni makilo anu. Padzafunika kuti mudzuke pansi msanga mumdima, mukwere chitunda mutanyamula katundu, munyamule mwana kapena nkhalamba, mwinanso mudumphe mpanda wa njerwa. Yesani lero lomwe: khalani pansi pamkeka, mudzuke osagwira khoma kapena mpando. Ine ulendo woyamba ndinachita kugwada kaye ngati ndikupepesa kwa amfumu.

Musanayambe chilichonse, pitani kuchipatala akakuyezeni BP ndi shuga. Ine nditapita pambuyo pa Freddy anandipeza ndi 160 pa 100, pamene malire amati 140 pa 90, ndipo sindinkamva kalikonse. Kuthamanga kwa magazi sikuchenjeza. Akakupatsani mapiritsi, ena a masiku angapo aziikidwa m'chikwama chija, ndi buku lanu lakuchipatala lomwe.

Ndiyeno yendani. Musathamange ayi, ndi makilo 104 mawondo adzakukanani sabata yachiwiri, n'kusiyira pomwepo. Masabata awiri oyamba yendani pamalo athyathyathya mphindi 20, masiku asanu pasabata, mwachangu moti mukhoza kuyankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Kenako muziwonjezera mphindi zisanu sabata iliyonse mpaka zifike 40 kapena 45. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azichita zolimbitsa thupi zotere mphindi zosachepera 150 pasabata, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu, ndiye mukuona kuti si zambiri. Ndi kutentha kwa Okutobala uku, dzukani 5 koloko kusanatenthe, ndipo mwani madzi. Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kapena ululu wotsikira kumkono, imani, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Apa palibe zachamuna.

Mwayi wathu a mu Blantyre ndi wakuti jimu tinapatsidwa yaulere. Kulikonse kumene mungaloze kuli chitunda: Ndirande, Soche, Michiru, Bangwe. Kachitunda kamene kamakuthetsani mpweya kaja ndiye mphunzitsi wanu. Sabata yachitatu yambani kukakwera kawiri, kutsika pang'onopang'ono, kukweranso. Tsikirani minibasi siteji imodzi musanafike, ndipo wa kabaza akakuimbirani belu mugwedeze mutu. Mwezi ukatha, berekani chikwama. Lita imodzi ya madzi ndi kilo imodzi, ndiye ikani mabotolo atatu, sabata zikamapita muziwonjezera mpaka makilo 8 kapena 10. Ubwino wa madzi ndi wakuti mukatopa panjira mumangotaya, kapena kumwa. Chimene mukufuna pofika Januwale ndi kuyenda makilomita 5 ndi chikwamacho mu ola limodzi kapena kupitirira pang'ono, n'kufika muli ndi mphamvu zogwira ntchito ina.

Za minofu, simukusowa zitsulo. Chigubu cha malita 20 chikadzaza ndi makilo 20. Yambani ndi theka, muchinyamule dzanja limodzi kuzungulira nyumba, musinthe dzanja. Pochikweza pansi pindani mawondo, msana ukhale wowongoka, katundu akhale pafupi ndi thupi. Anthu ambiri amene ndikuwadziwa anavulala misana pokolopa ndi kufosholo matope pambuyo pa namondwe, chifukwa matope onyowa amalemera kuposa mmene amaonekera. Onjezani kukhala pampando n'kudzuka osagwira, kakhumi, kupuma, kubwerezanso katatu. Mapushapu muyambire pakhoma kapena pathebulo. Izi kawiri pasabata zakwana. Akazi athu amene amasenza ndowa tsiku ndi tsiku anatiposa kale pa zimenezi, ife timangotchuka ndi mawu.

Tsopano nsima. Musaisiye, mudzangozunzika masiku anayi n'kubwerera ndi ukali. Ine ndinkadya mitanda inayi masana, inayi usiku. Ndinatsika kufika pa iwiri, ya mgaiwa, n'kudzaza mbale ndi masamba: mpiru, nkhwani, bonongwe, chisoso, pamodzi ndi nyemba, nandolo, usipa kapena dzira. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kusiyana ndi ufa woyera. Chimene chinkandinenepetsa kwambiri si nsima ya kunyumba, koma za panjira. Mandasi awiri m'mawa, tiyi wa masupuni atatu a shuga, tchipisi cha pachiwaya masana, botolo la zoziziritsa kukhosi, Lachisanu kanyenya ndi mowa. Kabotolo kamodzi ka zakumwa zotsekemera ka mamililita 300 kamakhala ndi shuga wokwana masupuni aang'ono pafupifupi asanu ndi atatu. Muwerengere nokha pasabata. Mowa nawo umalowa ngati madzi koma umakakhala pamimba. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo, ndipo mchere wa patebulo uchoke, makamaka ngati BP yakwera.

Kutsika kwabwino ndi theka la kilo mpaka kilo imodzi pasabata. Ndiye kuti pofika miyezi ya anamondwe, Januwale mpaka Malichi (namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kuononga malo opangira magetsi a Kapichira, Idai ndi Freddy mu Malichi), mukhoza kukhala mutachotsa makilo 6 kapena 8. Mungaone ngati zochepa, koma kwa munthu wa makilo 104 zimenezo zimatsitsa BP ndi shuga, ndipo mawondo amamva kusiyana. Kudzimana chakudya kotheratu kumadya minofu yomwe mukuifunayo, n'kukusiyani wopepuka koma wofooka. Sikelo muzikwera kamodzi pasabata basi. Chabwino koposa ndi chingwe: yezani kutalika kwanu, mupinde chingwecho pakati, muone ngati chikuzungulira pamchombo. Chiuno chiyenera kuchepera theka la msinkhu wanu. Changa chinatenga chaka ndi miyezi kuti nsonga zikumane.

Pali china chimene palibe amene wakuuzani m'ndemangamu. Mukayamba kutsika, anthu adzayankhula. Kwathu kuno mimba ndi ulemu, amati bwana zikuyenda. Mukaphwa, azakhali adzakuitanirani pambali kukufunsani ngati mwakayezetsa, anzanu a kuntchito adzati ngongole zamupana. Ena adzakusekani poona bambo wamkulu akukwera chitunda ndi chikwama cha mwana wasukulu mbandakucha. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine ndinangouza akunyumba zoona zake, kuti ndinalephera kunyamula amayi, ndipo palibe anafunsanso. Mukapeza mnzanu woyenda naye zimapepuka, komanso m'mawa kukadali kamdima si bwino kuyenda wekha m'njira zina.

Chenjezo limodzi, poti nyonga zikabwera zimabwera ndi matama. Musadzayese kuwoloka madzi othamanga chifukwa choti tsopano muli ndi mphamvu. Madzi othamanga ofika m'kakolo kupitirira pang'ono, masentimita 15 okha, amagwetsa munthu wamkulu, ndipo ofika masentimita 30 amatha kuyandamitsa galimoto laling'ono. Pansi pake simuona ngati pali dzenje, waya kapena lata. Njira yothawira muiyende masana kusanagwe mvula, ndi ana omwe, mudziwe kuti imatenga mphindi zingati ndi pamene pamaterera. Ulendo wanu wa m'mawa ukhoza kukhala womwewo. Ndipo muziyenda ndi nsapato zimene mudzavale tsikulo, zizigona pafupi ndi chitseko. Usiku wa Freddy ndinatuluka ndi mapatapata, limodzi linatsala m'matope pageti.

Pano ndili ndi makilo 86, mapiritsi a BP ndikumwabe koma anandichepetsera. Chaka chatha mvula isanayambe ndinapempha amayi kuti ndiwabereke mpaka kusukulu kuja, masanasana, kuti ndione. Anakana kaye, amati anthu aziti chiyani. Kenako analola. Ndinapuma kamodzi panjira, pa khonde lomwe lija, ndipo titafika pageti la sukulu anandimenya kambama paphewa n'kunena kuti ndiwatsitse msanga, azimayi a kumpingo akuona.