Mawu akuti struggle anandikhazika panyumba milungu itatu

Asisi, mwafunsa zolemba mawu akuti struggle mu daily notes, manotsi aja timalemba tsiku ndi tsiku za anthu amene tikuwasamalira ku care home, nyumba yosamalira okalamba. Musanalembe struggle ameneyo, imani kaye mumve za ine. Mtima wangowawanso nditaona funso lanuli.

Kusukulu anatiphunzitsa kuti struggle ndi kuvutika, ndipo sananame. Munthu akati I am struggling with rent ndiye kuti lendi yamukulira. Mwana amene masamu akumuvuta amati he is struggling. Anzathu amene anadzera ku Joni amadziwanso the Struggle, nkhondo yolimbana ndi tsankho la apartheid, ya ana a sukulu a ku Soweto pa 16 June 1976, ya a Mandela amene anatuluka m'ndende mu 1990 atakhalamo zaka 27. Kumeneko munthu amawatchula monyadira. Chimene palibe anandiuza n'chakuti ukalemba struggled with, kutsogolo kwake n'kuika munthu, mzungu akhoza kumva kuti munagwiranagwirana ndi manja. Apolisi akati there was a struggle sakunena za umphawi ayi, akunena kuti panachitika kulimbana, wina akukoka wina akukana.

Munali mu 2023, ndili ndi miyezi inayi yokha pa care home ina kumpoto kwa England. Tinali ndi gogo wina wa dementia, matenda oiwalaiwala, amene ankadana ndi kusamba m'mawa. Tsiku limenelo ndinatha pafupifupi ola ndikumunyengerera. Ndinamupangira tiyi, ndinatuluka, ndinabweranso, ndinamuimbira nyimbo ya kutchalitchi imene ankaikonda, mpaka analola yekha. Sindinamukoke ngakhale chala. Nditatopa choncho ndinalemba kuti I struggled with her during personal care, ine ndikutanthauza kuti ndinavutika naye.

Patapita masiku awiri mwana wake wamkazi anaona kuti pamkono pa gogoyo pada ngati pamenyedwa. Manijala anandiitanira ku ofesi ndili pakati pogawa chakudya chamasana, apuloni ili m'khosi. Pa tebulo panali pepala la manotsi anga, mzere umenewo ataupaka chikasu. Manijala anandifunsa kuti, so there was a struggle? Ine ndinati yes. Anafunsanso, ndinabwerezanso yes, ndikuganiza kuti akumva chisoni ndi mmene ndinavutikira. Ndinangoona akulemba mofulumira, mnzake amene anakhala pambali pake wasiya kundiyang'ana. Atatchula mawu akuti safeguarding, kutanthauza kufufuza ngati gogoyo wachitidwa nkhanza, m'pamene miyendo inazizira. Anandilanda baji, wina n'kundiperekeza mpaka pachitseko ngati wakuba. Ndinaima pa basi sitopu mvula ikuwaza, manja akunjenjemera, foni ndikulephera kuitsegula. Nonse muno mukudziwa kuti visa yathu inamangidwa pa sponsor, kampani imene inatilemba ntchito, ndipo ntchito ikatha amakupatsa masiku 60 kuti upeze wina. M'mutu munkangobwera ngongole ya tikiti ndi feteleza wa amayi amene ndinali nditalonjeza mwezi womwewo. Usiku umenewo sindinawaimbire amayi, ndinkaopa kuti amva kulira m'mawu.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi manijala uja. Ankadziwa bwinobwino kuti Chingerezi si chinenero changa chobadwa nacho. Zikanamutengera chiyani kungofunsa kuti ukutanthauza chiyani? Anafuna munthu woti amuonetse kwa achibale a gogoyo, ndipo wapafupi ndinali ine wobwera. Nayenso senior carer, mkulu wathu pa shifiti, amene anali pakhomo la bafa m'mawa umenewo, amene anaona zonse ndi maso ake, anangoti sakukumbukira bwino. Munthu amene tinkadyera limodzi nsima yanga pa break! Pamapeto pake anapeza kuti a shifiti ya usiku anali atalemba kale bala limenelo pa body map, chithunzi cha thupi cholembapo mabala, ine ndisanafike n'komwe, komanso gogoyo ankamwa mankhwala oletsa magazi kuundana, aja oti munthu akangogunda pabedi khungu limada. Ndinabwerera kuntchito, koma pepani sindinamumve kwa aliyense, ndipo ma ovataimu a milungu itatu anapita.

Ndiye inu lembani zimene maso anaona, basi. Anakana kusamba 8 koloko, ndinamusiya, ndinabweranso patapita mphindi 20, analola. Mawu ngati struggle, fight kapena force asaoneke pafupi ndi dzina la resident, munthu amene mukumusamalira. Akakuitanani ku ofesi musavomere yes pa chinthu chimene simunamvetse, pemphani afotokoze, ndipo lowani union mudakali pa mtendere. Komabe mawuwa musawataye. Pa supervision, mukamakambirana ndi manijala za ntchito yanu, ntchito ikakukulirani, auzeni mosabisa kuti I am struggling, ndipo muonetsetse kuti alemba. Ine ndinawanena kwa manijala yemwe uja patapita miyezi iwiri, ndipo anandichotsa pa ma long day, mashifiti aatali a tsiku lonse, otsatizana.