Yankho kwa achemwali: za mabotolo atatu aja ndi kuyeza mkodzo ku koleji

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko. Uthenga wanu ndaumva, ndipo chithunzi cha mabotolo atatu aja ndachiona. Mwafunsa ngati zimene mnyamata wanuyu wagula pa intaneti zokulitsira thupi zingamugwiritse akakayamba mpira wa chi America ku koleji, komanso kuti kuyeza mkodzo kofufuza mankhwala oletsedwa kumayenda bwanji. Ndiyankha pagulu pompano kuti nawonso alamu amve, koma nditalikitsa pang'ono, mundipirire.

Choyamba, mumuuze kuti asatsegule botolo lililonse. La protein ndi la creatine mwina alibe vuto, tibwererako. Koma lachitatu lija lolembedwa kuti test booster, limenelo lisakwere naye ndege.

Mpira wa m'makoleji akuluakulu ku America umayendetsedwa ndi bungwe la NCAA. Iwowa anayamba kuyeza osewera mu 1986 pa masewera a makapu ndi ma bowl (masewera akuluakulu otsekera chaka cha mpira), ndipo mu 1990 anawonjezera zoyeza chaka chonse, kutanthauza kuti angafike ngakhale nthawi yoti mpira watsekera. Atangoyamba kumene anagwira munthu wotchuka, Brian Bosworth wa ku Oklahoma, moti Orange Bowl ya mu Januwale 1987 anangoionera panja chifukwa cha ma steroid, mankhwala okulitsa minofu. Ndiye si nkhani yatsopano. Chaka chilichonse wosewera amasaina pepala lovomera kuyezedwa, ndipo wosasaina salowa m'bwalo. Ngati sanakwanitse zaka 18, nanunso mudzasaina nawo.

Oyezawo si a sukulu ayi. NCAA imatuma kampani ya Drug Free Sport International ya ku Kansas City. Mayina amasankhidwa, mnyamata n'kuuzidwa mochedwa, kawirikawiri dzulo lake kapena tsiku lomwelo, kuti ufike pamalo akuti nthawi yakuti ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi chako. Akafika amasankha yekha kapu yomata bwino, amasamba m'manja ndi madzi okhaokha popanda sopo, kenako amalowa kuchimbudzi ndi munthu wamwamuna mnzake woti aziyang'ana. Pepani achemwali, ndinena mosabisa: amakweza malaya, amatsitsa buluku, ndipo woyang'anirayo amayenera kuona mkodzo ukutuluka m'thupi kulowa m'kapumo. Anakhwimitsa chonchi chifukwa anthu ankabwera ndi mkodzo wa anzawo m'timatumba. Mumuchenjezeretu, chifukwa anyamata ambiri tsiku loyamba manyazi amawagwira, mkodzo n'kukana kutuluka.

Amafuna pafupifupi mamililita 90. Ukachepa amausunga womwewo, iye n'kukhala pompo osachoka mpaka akwanitse. Kenako amadontheza pang'ono pa kachipangizo koona kulemera kwa mkodzowo, ndipo nambala yake isatsike pa 1.005. Ikatsika ndiye kuti ndi madzi okhaokha, ayambirenso. Apa m'pamene amalakwitsa amene amagugudiza malita a madzi m'mawa poganiza kuti atsuka thupi: amangodzisunga m'chipindamo maola ambiri, n'kuyambanso kukayikiridwa. Mkodzo wabwino uja amaugawa m'timabotolo tiwiri, A ndi B, n'kumata iye akuona. Pa timabotolopo salembapo dzina, ndi nambala chabe. Asanasaine aone ndi maso ake kuti nambala ya pa A, ya pa B ndi ya pa fomu ndi imodzi, ndipo ngati china chake sichinayende bwino achinene pomwepo, chilembedwe. Kudzachinena patatha mwezi sikuthandiza kwenikweni.

Timabotoloto timapita ku labu yovomerezedwa ndi WADA, bungwe la dziko lonse lapansi lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewera. Ku America zilipo ziwiri, ya ku UCLA ku Los Angeles ndi ya ku Salt Lake City. Amayamba ndi A. Akapezamo kanthu amadziwitsa sukulu, kenako amatsegula B. Musadalire B, chifukwa ndi mkodzo womwewo wa tsiku lomwelo, ndipo pafupifupi nthawi zonse imangotsimikizira A. Makina ake amaona zinthu pa mlingo wa nanogiramu, kutanthauza giramu imodzi yogawidwa ka 1 biliyoni. Fumbi lotsalira m'makina opangira mapiritsi ndi lokwanira kuti munthu agwidwe.

Chilango chake n'cholemera. Akapezeka ndi mankhwala owonjezera mphamvu koyamba, sasewera masiku 365 kuchokera tsiku loyezedwa, ndipo chaka chimodzi mwa zaka zake zololedwa kusewera chimapita. Asanabwerere amayezedwanso, ndipo mkodzo uyenera kutuluka woyera. Kachiwiri, mpira wa ku koleji watha basi. Kusafika poyezedwa amakuwerenga ngati wapezeka nazo, ngakhale chifukwa chake chikhale choti foni inazima belu lomudzutsa osalira. Kuchita chinyengo ndi mkodzo, kusintha kapena kuthiramo zinthu, ndi zaka ziwiri. Apilo ilipo, koma ndi sukulu imene imaipempha m'malo mwake, ndipo masiku ake ndi ochepa. Kusamuka sukulu sikufufuta chilango, chimamutsata.

Tsopano mfundo yaikulu ndi iyi: chimene chapezeka mu mkodzo wako ndi chako. Kunena kuti sindimadziwa, kapena kuti pa botolo sanalembe, sikumasula munthu. Ndipo mwana wa khalidwe ngati wathuyu chimene chingamugwetse si jakisoni ayi, ndi botolo la m'shopu. Mu Okutobala 2015 Will Grier, quarterback (woponya mpira wamkulu) wa Florida, timu yake itapambana masewera 6 osagonjapo, anaimitsidwa chaka chathunthu, ndipo iye ananena kuti chinali chinthu chogula popanda chikalata cha dokotala chimene sanafunse kaye kwa a zachipatala a timu. Mu Disembala 2018 anyamata atatu a Clemson, Dexter Lawrence, Braden Galloway ndi Zach Giella, anapezeka ndi ostarine, mankhwala oletsedwa okulitsa minofu, kutatsala masiku ochepa kuti asewere Cotton Bowl ndi Notre Dame. Iwo anati sakudziwa kuti inalowa bwanji. B inatsimikiza, apilo ya Galloway ndi Giella inakanidwa, timu inakatenga chikho cha dziko lonse iwo akuonerera. Lawrence anapita ku NFL, ligi ya osewera olipidwa, koma si aliyense ali ndi khomo lotulukira ngati limenelo. Ndipo taonani kuti imeneyo ndi sukulu ya ndalama, ya madokotala ndi maloya ake.

Chimachititsa ndi lamulo la ku America la mu 1994, limene limalola masapulimenti kugulitsidwa popanda bungwe la boma loona za chakudya ndi mankhwala, la FDA, kuwayeza kaye monga limachitira ndi mankhwala a kuchipatala. Ndiye fakitale imodzi ikhoza kupanga ufa wa protein m'mawa, masana n'kupanga wa anthu onyamula zitsulo wokhala ndi ostarine, makina ake omwewo. Zili ngati kuchigayo, wina akagayitsa mapira inu n'kutsatira ndi chimanga, ufa wanu woyamba umatuluka wofiirira. Enanso amathiramo dala kuti wogula aone kusintha msanga abwerenso. Ostarine ndi ligandrol ali m'gulu lotchedwa SARM, la mankhwala okulitsa minofu ngati ma steroid, sanavomerezedwe kuti munthu azimwa, koma pa intaneti ali mbwee. Palinso DHEA, imene ku America imagulitsidwa poyera m'mashopu koma NCAA inailetsa. Choncho kupezeka pa shelefu sikutanthauza kuti n'kololedwa. Pa botolo akaona mawu ngati test booster, fat burner, prohormone, kapena proprietary blend osatchula mlingo wa chilichonse, alibweze. Mayina ena a zoletsedwa oti awadziwe ndi higenamine, DMAA ndi synephrine, imene nthawi zina amailemba kuti bitter orange.

Chochita chake n'chophweka. Timu iliyonse ili ndi athletic trainer, munthu woona za thanzi la osewera, osati kochi. Chilichonse chopita m'kamwa chimene si chakudya chizidutsa kwa ameneyo, iye amachifufuza pa Drug Free Sport AXIS, webusaiti yofufuzira ngati chinthu chili ndi zoletsedwa. Ngati n'kofunikadi kugula, agule chokhala ndi chizindikiro cha NSF Certified for Sport kapena Informed Sport, ndipo asangokhulupirira chizindikirocho, aone nambala ya batch (ya gulu la mabotolo opangidwa nthawi imodzi) pa webusaiti yawo ngati ilipodi. Ngakhale zimenezo zimangochepetsa ngozi, NCAA sivomereza sapulimenti iliyonse. Asunge lisiti ndi ufa wotsalira pang'ono m'botolo lililonse, chifukwa pa apilo ndi umboni wokhawo umene ungayezedwe. Asamwe za m'shaker ya mnzake. Creatine siyoletsedwa, magiramu 3 mpaka 5 patsiku ndi okwanira, koma ikhale creatine monohydrate yokha, osati yosakaniza ndi zina khumi. Protein sukulu zambiri zimapereka zokha, ndiye ndalama zimenezo akanangosunga.

Tibwere kwa ifeyo a kunyumba, chifukwa nafenso tikhoza kumupweteka ndi chikondi chathu chomwe. Mapiritsi a BP amene akuluakulu ambiri akumwa, hydrochlorothiazide, komanso furosemide wa miyendo yotupa, ali m'gulu loletsedwa chifukwa amakodzetsa, ndipo achinyengo amawagwiritsa ntchito kusungunula mkodzo. Chilango chake n'chimodzimodzi ndi cha steroid. Ndiye zopatsana piritsi kuti mutu ukupweteka imwa aka, ayi. Mankhwala azitsamba osakanizasakaniza a m'mabotolo opanda dzina, ngakhale atumize ndi agogo, asamwe, chifukwa palibe angakuuzeni zimene zilimo. Ngati ali ndi mphumu ndipo amagwiritsa ntchito kopopera ka salbutamol, apite ndi kalata ya dokotala n'kukaipereka sabata yoyamba. Mankhwala a ADHD, vuto lolephera kukhazikika maganizo, monga Adderall ndi Ritalin amaloledwa pokhapokha sukulu ikasunga mapepala onse osonyeza mmene anamuyezera matendawo. Kubwereka piritsi la mnzake nthawi ya mayeso ndi msampha wodziwika m'makoleji. Testosterone kapena growth hormone wolembedwa ndi dokotala amafuna chilolezo cha NCAA asanayambe kusewera, osati atagwidwa kale.

Za caffeine ndingodutsapo. Khofi wa m'mawa alibe mlandu. Malire ndi mamaikirogiramu 15 pa mililita ya mkodzo, ndipo munthu amafikapo akamwa pafupifupi mamiligiramu 500 m'maola awiri kapena atatu asanayezedwe. Masikupu awiri a pre-workout kuphatikiza chitini cha energy drink, wafika. Zoterezi amaziyeza makamaka pa makapu ndi ma bowl, pamene ma steroid, mahomoni ndi zobisira mankhwala mu mkodzo amaziyeza chaka chonse. Chamba anachichotsa pa mndandanda wa zoletsedwa wa Division I, gulu la makoleji akuluakulu, mu 2024, koma musamuuze ngati nkhani yabwino: sukulu zambiri zili ndi kuyeza kwawokwawo ndi malamulo awoawo, ndipo kwa mwana wa visa ya sukulu chamba chikadali mlandu pa lamulo la boma lalikulu la America.

Alamu anafunsanso kuti nanga anzake amene akubayadi jakisoni sagwidwa bwanji. Kunena zoona, si onse amagwidwa. Timu imakhala ndi anyamata pafupifupi 100, ndipo oyezedwa pa ulendo umodzi ndi kagulu chabe. Growth hormone saoneka bwino mu mkodzo, amafuna magazi, ndipo amazimiririka patangopita tsiku limodzi kapena awiri. Ine ndimaona kuti dongosololi limagwira osasamala kuposa akathyali. Koma wina akadzamuuza kuti pali masamu owerengera tsiku loti thupi layera, adziwe kuti masamuwo amaphonya. Testosterone wobaya amaonekera poyerekeza ndi epitestosterone, homoni ina imene thupi limapanga: mwa anthu ambiri ziwirizi zimakhala pafupifupi 1 kwa 1, ndipo zikatalikirana kwambiri labu imayeza mtundu wa carbon wake, umene umasiyanitsa wa m'fakitale ndi wopangidwa ndi thupi. Nandrolone, steroid wobaya wa mafuta, akhoza kukhala m'thupi kupitirira chaka. Kolton Houston wa ku Georgia anabayidwa ameneyu ali ku sekondale atachitidwa opaleshoni ya phewa, anapezeka naye mu 2010, ndipo mankhwalawo anakakamira m'mafuta a m'thupi mwake moti analoledwa kusewera mu 2013.

Ndipo thupi limalipira ngakhale oyeza asabwere. Ubongo ukaona testosterone wochuluka wochokera kunja umasiya kutumiza uthenga woti thupi lipange wake, ndiye ziwalo zachimuna zimafota, mbewu ya abambo imachepa, ndipo akasiya amakhala miyezi ali wofooka ndi wokhumudwa. Wina mwa testosterone uja amasanduka estrogen, mabere n'kutupa, ndipo akalimba amachoka ndi opaleshoni basi. Mankhwala amene anyamata amamwa pofuna kukonza zimenezi, clomiphene, tamoxifen ndi anastrozole, nawonso ndi oletsedwa. Ma steroid a mapiritsi amawononga chiwindi ndi kutsitsa kolesitolo wabwino uja, BP imakwera, mnofu wa mtima umakhuthala. Minofu imakula msanga kuposa mitsempha yoigwira ku mafupa, n'chifukwa chake mumamva kuti wina wadula mtsempha wa pachifuwa ali pa bench press. Zizindikiro zoti inu monga kholo mungazione pa video call ndi kunenepa kwa makilogiramu ambiri m'milungu yochepa, ziphuphu zodzaza kumsana ndi m'mapewa, nkhope yotupa, ndi kupsa mtima kosadziwika bwino. Ku America ma steroid opanda chikalata cha dokotala ndi mlandu wa kupolisi kuyambira 1990, ndiye sikolashipu ndi visa zonse zimakhala pangozi.

Kukula adzakula ndithu, pali chakudya chambiri ndi makochi a zitsulo. Protein wa magiramu 1.6 mpaka 2 pa kilogiramu iliyonse ya thupi lake patsiku, tulo ta maola 8, ndi kuwonjezera pafupifupi theka la kilogiramu pa sabata, osapitirira apo. Pakadali pano ajambule kuseri kwa mabotolo awiri aja, pamene palembedwa zosakaniza ndi nambala ya batch, atumize kwa athletic trainer pa imelo kuti yankho likhale lolembedwa. Lachitatulo, ngati lisiti ilipo, akabweze.