Kuyankha Madamu pa za ana ndi nkhani zoopsa

Madamu, mwati ana anu a Sitandade 7 mukawauza alembe nkhani yoopsa akungokopera za m'mafilimu a ku Nigeria, magazi paliponse, mfiti kuseka, kenako kumapeto "ndinadzidzimuka, anali maloto" kkkk, ndiye mukufunsa kuti mutani.

Ine mzukwa ndimayamba ndauika kaye pambali, timayamba ndi malo. Afunseni kuti pa Mzuzu pano ndi pati pomwe sangadutse okha kukada. Atchula okha, kamlatho ka pa Lunyangwa, njira yachidule ya kumanda, chimbudzi cha kuseri magetsi atazima, msewu wa Chikangawa mu June chifunga chitatseka moti adalaivala a minibasi akungoyendera chizolowezi. Aliyense asankhe malo amodzi alembe ndime imodzi basi, koma lamulo ndi loti mawu akuti "ndinaopa" kapena "kunali koopsa" asapezekemo. Alembe zomwe khutu likumva, fungo, kuzizira kwa pakhosi. Kamtsikana kena kanandilembera kuti kakuchokera kuchigayo ku Chiputula thumba la ufa lili pamutu, agalu onse omwe amauwa anangoti zii nthawi imodzi, kumbuyo kukumveka mapazi tswa tswa, iko kakaima nawo amaima. Chiwanda sichinaoneke mpaka nkhani kutha koma anyamata aphokoso a kumbuyo aja anasiya kuseka. Mantha ali pa kudikirako, chinthucho chikangoonekera ana amayamba kuseka.

Zinazi agogo athu anazidziwa kale, "Padangokhala", "Tili tonse", kugogoda kubwerezedwa katatu, mawu kutsika pofika pothina. Ndiye asanagwire cholembera afotokozerane awiriawiri pakamwa, ngakhale m'Chitumbuka, ambiri kuno nkhani imawatuluka bwino choncho, kenako alembe. Pofika pothinapo ziganizo zifupike. Zamaloto zija letsani, ndi ulesi chabe. Ndipo musaone ngati mukutaya nthawi, mwana wodziwa kukoka nkhani chimangirizo cha pa mayeso a Sitandade 8 sichimuvuta.

Koma apa pokha Madamu samalani. Mu nkhani musalowe dzina la munthu weniweni, kaya agogo oyandikana nawo nyumba, kaya mnzawo wa m'kalasi, ndipo za anzathu achialubino ayi ndithu. Mukukumbuka 2017 mphekesera za anamapopa ku Mulanje ndi ku Phalombe anthu anaphedwa popanda umboni, komanso lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kope la mwana limafika kunyumba, limawerengedwa ndi anthu ena. Auzeninso ahedi musanayambe chifukwa makolo ena opemphera akaona "mzukwa" mu kope mawa lake ali pa ofesi. Ndipo ngati pali mwana yemwe kwawo kwagwa maliro posachedwa musamukakamize za kumanda, alembe za fisi kapena njoka yolowa m'nyumba, luso lake ndi lomwelo.