Funsani Ankolo: Eti ku America akulemba aphungu pa viza ya ntchito?

Ankolo, ine ndili ndi malume anga amene anali khansala kwathu kuno koma pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 anapikisana pa uphungu ndiye anagwa chagada, panopa angokhala pakhomo ngongole za kampeni zili tho. Ndiye pali mnyamata wina wa m'tauni amadzitcha ejenti wa maviza, wawatumizira chithunzi pa WhatsApp cha mndandanda wa ntchito za ku America, penapake palembedwa kuti Legislators ndipo pambali pake pali madola akuti prevailing wage. Iye akuti amenewo ndi malipiro a aphungu obwera pa viza ya ntchito, akufuna K2 miliyoni yoyambira mapepala. Malume akuti agulitsa ng'ombe ziwiri. Zimenezi zilipodi? Mphwawo wodandaula, Mchinji

Aphwanga, ng'ombezo zisatuluke m'khola. Thamangani mukawauze lero lomwe, zina zonsezi muwerenga mukabwerako.

Chokwiyitsa n'chakuti mnyamatayo sananame zonse ayi, mndandandawo ulipodi ndipo mawu akuti Legislators alimo, nambala yake ndi 11-1031. Koma si mndandanda wa ntchito zimene zikufuna anthu. Ndi kaundula amene boma la America limagwiritsa ntchito powerengera kuti anthu m'dzikomo amagwira ntchito zanji ndipo amalandira zingati, amautcha SOC, ndipo umene anakonza mu 2018 uli ndi mitundu ya ntchito 867. Muli madokotala, ometa, oyendetsa mathiraki, abusa a mpingo, ndiye aphungu nawonso poti amalandira kenakake anayenera kupatsidwa mzere wawo. Basi nkhani yake ndi imeneyo. Zili ngati munthu waona dzina la mudzi wanu m'buku la kalembera ndiye akuyamba kugulitsa maplot a m'mudzimo.

Viza imene anthu amanena akamatchula prevailing wage, kutanthauza malipiro amene anthu a ntchito imeneyo amalandira kawirikawiri m'deralo, nthawi zambiri ndi H-1B, inayamba ndi lamulo la mu 1990, ndipo kuti itheke pamafunika bwana, kampani kapena yunivesite kapena chipatala, amene akukulembani ntchito yofuna digiri ya maphunziro enaake, iyeyo ndi amene amasaina mafomu n'kulonjeza kuti azikulipirani. Tsono phungu bwana wake ndani? Ndi anthu ovota. Anthu ovota a ku Ohio sangadzaze fomu I-129, imene bwana amapemphera vizayi, kuitanitsa malume anu ku Mchinji. Komanso uphungu sufuna digiri inayake, ndiye ngakhale pa muyeso wa vizayo pawokha sulowa.

Kuwonjezera apo malamulo aakulu a dziko lawo amanena poyera: nyumba ya malamulo ya dziko lonse, Congress, ili ndi zigawo ziwiri, kuti ulowe mu House of Representatives ukhale ndi zaka 25 ndipo ukhale utakhala nzika kwa zaka 7, ku Senate zaka 30 ndi unzika wa zaka 9. Munthu wa viza ya ntchito si nzika, ngakhale kuvota pa zisankho zimenezi saloledwa. Kwathu kunonso ndi chimodzimodzi, gawo 51 la malamulo athu limati phungu akhale nzika ya Malawi ya zaka 21 kupita m'mwamba, simunamvepo kuti wina walowa m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe ndi TEP, chilolezo cha mlendo chogwirira ntchito kuno, m'thumba. Obadwira kunja amafikako ku Congress inde koma njira yake ndi yaitali. Ilhan Omar anabadwira ku Mogadishu, anakhala ku kampu ya othawa kwawo ku Kenya, anafika ku America mu 1995, unzika anatenga mu 2000, ndipo anthu a ku Minnesota anadzamusankha kupita ku Congress mu 2018. Werengani nokha zakazo.

Ndipo ngakhale zikanatheka, malume akanadabwa ndi salale yake. A ku Congress amalandira $174,000 pachaka kuyambira 2009, a nyumba ya malamulo ya boma la New York $142,000 kuyambira 2023, koma a ku New Hampshire amalandira $100 pachaka. Sindinaiwale ziro, handiredi dola chaka chonse, ndalama imene anailemba m'malamulo awo mu 1889 ndipo sinasinthe. Nambala ya madola imene ejenti watumiza pa chithunzi ija yachokera posakaniza anthu osiyana chonchi, kuphatikizapo makhansala a timatauni ting'onoting'ono amene masana ali ku ntchito zawo zina madzulo ndiye amakakhala pa msonkhano wa khonsolo.

Phungu amene ali pampando akamapita ku America pa ntchito ya boma amayendera viza ya gulu A, ndipo amamulipira ndi boma lake lomwe. Amene anagwa pa chisankho ndi munthu wamba ngati inu ndi ine. Ngati malume ali ndi digiri, tinene ya zaulimi kapena ya akaunti, njira ndi kufunsira ntchito ya digiriyo. Ndipo dziwani kuti ndalama zambiri za H-1B amalipira ndi wolemba ntchito, osati wolembedwa, ndiye munthu akayamba ndi kukupemphani mamiliyoni asanakuonetseni dzina la kampani, mwadziwa kale kuti ndi dobadoba.

Ankolo, ndili ku Texas chaka chachiwiri tsopano pa H-1B, ndimagwira za makompyuta kudzera ku kakampani kena kamene kamatitumiza ku makampani akuluakulu. Kontilakiti ya kumene ndinali inatha miyezi iwiri yapitayo ndiye bwana akuti palibe pulojekiti palibe malipiro, ndidikire. Komanso mwezi ndi mwezi ankandidula ndalama akuti kubweza za loya. Anzanga a ku India akuti pali zoti prevailing wage koma ine sindikuzimvetsa, ndipo ndikuopa kuti ndikayankhula andichotsa ndibwerere ku Ndirande chimanjamanja. Mwana wanu, Dallas

Mwanawe, anzakowo akukuuza zoona, ndipo bwana wakoyo akudya ndalama zako.

Ndiyambe ndi tanthauzo lake. Prevailing wage ndi malipiro amene anthu ogwira ntchito ngati yakoyo, m'dera limene ukugwiralo, amalandira kawirikawiri. Ganizoli ndi lakale, mu 1931 lamulo la Davis-Bacon linalamula kale kuti makontilakita omanga zinthu za boma azilipira mtengo wa m'deralo, cholinga chake kuti asamabweretse anthu otchipa kudzagwetsa malipiro a eni dera. Ndiye usaganize kuti analikonza chifukwa chokumvera chisoni iwe mlendo ayi, akuteteza anthu awo, koma mwayi wake ndi wakuti chitetezocho chimakufikanso iwe.

Bwana wako asanakupemphere viza anadzaza pepala lotchedwa LCA, fomu ETA-9035, ku unduna wa zantchito, Department of Labor. Pa pepalalo pali nambala ya ntchito yako, mzinda umene uzigwirako, levulo yako ndi ndalama. Analonjeza kuti pakati pa prevailing wage ndi malipiro amene amapatsa anzako ofanana nawe pakampanipo, iwe uzilandira chimene chili chachikulu. Osati chaching'ono, chachikulu. Manambalawo amachokera ku kafukufuku wa Bureau of Labor Statistics ndipo amawasintha chaka chilichonse pa 1 Julayi.

Malevulo alipo anayi, apa ndi pamene pamachitikira chinyengo chambiri. Levulo 1 ndi ya wongoyamba kumene amene akufunika kumuyang'anira, levulo 4 ndi ya katakwe woyendetsa zinthu yekha. Ziwiri zapakatizo amazipeza pogawa patatu kusiyana kwa 1 ndi 4. Tingoyerekeza kuti levulo 1 ndi $60,000 ndipo 4 ndi $105,000, kusiyana ndi $45,000, ndiye 2 ikhala $75,000 ndipo 3 ikhala $90,000. Waona tsopano chifukwa chake tizimakampani tina timakonda kulemba munthu wa zaka 8 pa ntchito ngati levulo 1, kapena kumupatsa nambala ya ntchito yotsikirako pamene zimene akuchita tsiku ndi tsiku ndi za nambala yokwera, kapenanso kulemba tauni yotchipa pa pepala munthu akugwira mumzinda wodula. Ndalama ya Dallas si ya San Jose, ndipo akakusamutsira dera lina pamafunika LCA yatsopano.

Zoti palibe pulojekiti palibe malipiro ndi bodza. Kumeneko amati benching, kukukhazika pa benchi, ndipo lamulo limati ngati wakhala osagwira chifukwa bwana alibe ntchito yokupatsa, malipiro ako a pa LCA aziyenda ndithu. Zimasiyana ngati ndi iwe wapempha tchuthi pa zifukwa zako. Akafuna kusiya kukulipira akuyenera kukuchotsa mwalamulo, kudziwitsa a USCIS, ofesi ya boma yoona za olowa m'dzikomo, komanso kukulipirira tikiti yobwerera kwanu. Sangakusunge pakati ngati nyama yoyanika pa nsanja.

Za loyazo, ndalama zokonzera mapepala a H-1B ndi za bizinesi yake, sangazidule kwa iwe mpaka malipiro ako n'kutsika pansi pa amene analonjeza. Ndipo pali ina ya $750 kapena $1,500, kutengera kukula kwa kampani, imene amati ndi ya maphunziro a antchito a ku America, imeneyo wantchito saloledwa kulipira ngakhale pang'ono.

Chochita choyamba, peza kope ya LCA yako. Anayenera kukupatsa pofika tsiku limene unayamba ntchito, ndikudziwa ambiri mumangosangalala ndi chidindo cha m'pasipoti mapepala enawo osawerenga, fufuza mu imelo. Ngati palibe, kampani imakakamizidwa kusunga fayilo ya LCA imene munthu aliyense angapemphe kuiona. Ika pepalalo pambali pa mapeyisilipi ako onse, sunga mameseji amene bwana ananena zoti udikire, usafufute olo imodzi. Dandaulo limapita ku Wage and Hour Division, nthambi ya unduna wa zantchito uja, pa fomu WH-4, salipiritsa, koma lifike isanathe miyezi 12 chichitikireni cholakwacho. Akapeza kuti ndi zoona amalamula kampani kubweza ndalama zonse zimene inakubera, ndipo kukulanga chifukwa chodandaula ndi mlandu winanso pawokha.

Mantha ako ndikuwamva, sindikunamiza kuti palibe chiopsezo. Koma H-1B imalola kusamukira kwa bwana wina, ndipo ntchito ikatha umakhala ndi masiku ofika 60 oti upeze wina wokupemphera. Ndiye yamba kufunsira ntchito kwina panopa mwakachetechete, uonanenso ndi loya wa zolowa ndi kutuluka amene si wa kampaniyo, chifukwa wa kampaniyo amadya kwa bwana.

Ankolo, mwana wanga wamaliza digiri ya uinjiniya kuno kumudzi, akuti malipiro a H-1B ndi okwera. Ayambire pati? Mayi wa ku Zomba

Mayi, malipirowo pa pepala amaoneka okweradi makamaka tikawasintha m'makwacha, koma amenewo ndi asanadule msonkho, lendi ndi inshuwalansi ya chipatala, ndipo dera limene prevailing wage ili pamwamba ndi lomwelonso nyumba zake zili zodula.

Khomo lake ndi lopapatiza, ndisakubisireni. Malo atsopano ndi 65,000 pachaka kuphatikiza 20,000 a amene anachita masters ku America komweko, makampani amalembetsa anthu awo mu Malichi, ofuna amachuluka kuposa malo ndiye pamakhala mayere, ndipo wopambana amayamba ntchito pa 1 Okutobala. Kenako mu Sepitembala 2025 Pulezidenti Trump anasaina chilengezo choti wolemba ntchito azilipira $100,000 pa pempho latsopano la munthu amene ali kunja kwa America, anati chigwira miyezi 12 pokhapokha atachiwonjezera. Mwezi womwewo boma linatulutsanso ganizo loti mayere aja azikondera a malevulo apamwamba, wa levulo 4 dzina lake lilowe kanayi wa levulo 1 kamodzi. Mwana wongotuluka kumene ku koleji ndi levulo 1, ndiye mukuona nokha pamene waima.

Mayunivesite ndi mabungwe a kafukufuku osachita malonda salowa nawo mayere aja, n'chifukwa chake Amalawi ambiri amene ndawaona atadutsa anayamba ndi sukulu kenako ntchito ya pa yunivesite. Ine ndikanakhala inu ndikanamuuza ayambe wagwira kuno zaka zingapo, alembetse ku bungwe la mainjiniya, azisunga makalata a mabwana ofotokoza zimene ankachita ndi madeti ake, kwinaku akufunsira masikolashipu a masters.