Wafunsa ngati Msilamu angajambule Ganesha

Lachiwiri ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wojambula ku Limbe. Mwini shopu wina, Mhindu, wamupempha kuti amujambulire Ganesha, mulungu wa mutu wa njovu uja. Mnyamatayo ndi Msilamu, ndipo akuopa kuti abale amuona bwanji. Avomere kodi?

Achimwene, funso lanuli landigunda pachilonda. Ine ndinakulira pa burashi ndi chitini cha penti, kulemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula mitu yometedwa bwino pamakoma a malo ometera. Chaka china mpingo wina unandipatsa ntchito yojambula Yesu pakhoma la kutsogolo. Ndinagwira masabata atatu nditakwera pa makwerero obwereka, ndipo ndinamujambula wakuda ngati ine. Lamulungu lotsatira amayi ena anaimirira kumuyang'ana mpaka misozi. Lolemba akuluakulu a mpingo anagula laimu. Theka la ndalama yanga sindinalione mpaka lero. Mayi anga anangoti, "Unafunsa ndani?" Ndinakwiya nawo chaka chonse, chifukwa ankanena zoona.

Nchifukwa chake nkhani ya Maqbool Fida Husain, wojambula wotchuka wa ku India, imandikhala pamtima. Nayenso anali Msilamu, anabadwira ku Pandharpur mu 1915, ndipo anayambira pomwe tinayambira ife, kujambula zikwangwani zikuluzikulu zolengeza mafilimu ku Bombay (mzinda womwe pano umatchedwa Mumbai). Mu 1947 analowa gulu la ojambula lotchedwa Progressive Artists' Group. Ankayenda opanda nsapato ngakhale atatchuka, zomwe ine ndimaziona ngati matama pang'ono, koma tisiye zimenezo. Wandale wina, Ram Manohar Lohia, ndi amene anamulimbikitsa kujambula nkhani za mu Ramayana, ndakatulo yaitali yakale ya Ahindu yosimba za mulungu Rama, zomwe anthu wamba a ku India amazidziwa kuyambira ali ana. Kenako anatembenukira ku Mahabharata, ndakatulo ina yaitali ya Ahindu, ndipo zithunzi zake za nkhani imeneyi anakaziwonetsa ku São Paulo, ku Brazil, mu 1971. Hanuman, Durga, Ganesha, milungu ya Ahindu yonseyi anaijambula ndi mizere yokhuthala ndi mitundu yowala, nkhope zina osazimaliza n'komwe. Boma la India linamupatsa ulemu wa Padma Vibhushan mu 1991.

Ndiye mu 1996 magazini ina ya Chihindi inasindikiza chithunzi chake chakale cha Saraswati, mulungu wamkazi wa Ahindu, ali wosavala. Moto unabuka. Milandu inatsegulidwa m'makhoti osiyanasiyana, mu 1998 anthu anathyola nyumba yake ku Mumbai, ndipo mu 2006 anachoka m'dzikomo osabwereranso. Khoti lalikulu la ku Delhi linamuikira kumbuyo mu 2008, koma nkhalamba ya zaka 90 ndi kanthu sikanafuna kumangoyenda m'makhoti. Inatenga unzika wa Qatar mu 2010, n'kumwalira ku London pa 9 June 2011.

Ndinayamba kulemba izi ndikuganiza kuti mbali zonse zinali ndi mfundo. Ayi, ndasintha. Amene anamuthamangitsa analakwa, basi. Dziko limene akachisi ake akale ngati a ku Khajuraho ali ndi zosema zamaliseche silikanayenera kupirikitsa gogo chifukwa cha mizere ya papepala. Chimene chinawawawa ambiri mwa iwo ndi dzina lake lachisilamu, ndipo amene akufuna kutsutsa atsutse. Kukhumudwa nchololeka, ine ndinakhumudwitsapo mpingo wonse. Kuthyola nyumba ya munthu ndiye ayi.

Komabe onani kusiyana kwake. Husain anakula akuonera masewero a nkhani za Rama, nkhanizo zinali zake ngati mmene kalulu ndi fisi alili athu. Inu ndi ine tinangomuona Ganesha pa kalenda ya m'shopu.

Tsono za funso lanu

Za chikhulupiriro sindingakuyankheni, kacheze ndi ashehe anu ndiponso mtima wanu, chifukwa Asilamu ambiri salola kujambula zinthu zopembedzedwa, ndipo kukana si manyazi. Mukavomera, khalani pansi ndi mwini ntchitoyo. Funsani ngati chithunzicho ndi chokongoletsera khoma kapena chopempherera. Mufunse manja angati, kawirikawiri amakhala anayi, ndi zimene dzanja lililonse ligwire. Nyanga imodzi ndi yothyoka, musaikonze poganiza kuti chithunzi chomwe akupatsani chinawonongeka, nkhani ina imati anaithyola yekha kuti alembere Mahabharata. Kakhoswe kali kumapazi kwake musakachotse, ndiko kamamunyamula. Ndipo tengani theka la ndalama musanatsegule chitini.